Ndege zomwe sizinauluke, ndi funso lomwe omanga ake amalizemba

Sabata ino sindinabwere ndi buku, ndabwera ndi tindege ta pulasitiki. Musandithamangitse msanga, mumva chifukwa chake.

Ine ndimagulitsa kaunjika, ndipo nthawi zina ndimatsegulako belo la zidole. Tsiku lina munatuluka kabokosi ka Airfix, kampani ya ku Britain, muli tizidutswa ta ndege ya Spitfire toti munthu amate ndi guluu. Mwana wanga anakakamira kuti ndisagulitse. Pofufuza pafoni kamangidwe kake, ndinapeza kuti ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli akuluakulu, ena a imvi zawo, omwe amatha miyezi akumanga tindegeti. Tambiri ndi ta muyezo wa 1/72, kutanthauza kuti ndege yeniyeni aichepetsa ka 72, mpaka kukwana m'manja.

Ambiri amatsata mbiri ndendende, penti ndi manambala omwe. Koma pali ena omwe amafunsa kuti "zikanakhala bwanji?" Amamanga ndege yomwe sinamenyeko nkhondo, kenako n'kulemba kambiri kopeka: inauluka liti, woyendetsa anali ndani, inagwera kuti. Apa ndiye patikhudza ife okonda zolembalemba, chifukwa kambiri kameneko ndi nkhani yaifupi, ndipo tiyenera kukayeza ngati nkhani.

Nthambi yotchuka ya masewerawa amaitcha Luft '46. Nkhondo yachiwiri inatha ku Ulaya mu May 1945, Germany ili ndi mapulani ambiri a ndege zatsopano. Focke-Wulf Ta 183 inathera papepala. Horten Ho 229, ija yopanda mchira yooneka ngati phiko lokhalokha, inangofika poyesedwa, ndipo yomwe inatsala ikusungidwa ku Smithsonian ku America. Omangawa amayerekeza kuti nkhondo inapitirira mpaka 1946 ndipo ndegezi zinalowa m'bwalo.

Luso ndiye lilipo, sindinganame. Amajambula mwaye wa injini, matope m'mateyala, penti yosupuka pomwe woyendetsa amaponda. Odziwa bwino amadzimangiranso malamulo. Amakumbukira kuti Germany inali itasowa mafuta, ndiponso kuti injini za Messerschmitt Me 262 zinkatha msanga, ndiye nthano yawo imafotokoza komwe mafutawo anachokera. Bodza lawo limaima pa miyendo ya zoona. Olemba tingaphunzirepo.

Koma dandaulo langa nali. Mwa timbiri tomwe ndawerenga, tambiri timafunsa za injini, osafunsa za manja omwe akanamanga ndegezo. Me 262 yeniyeni, mbali zake zina zinkapangidwa m'mapanga okumbidwa pansi ku Gusen, m'dziko la Austria, ndi akaidi a m'ndende zachibalo za chipani cha Nazi, ndipo anthu miyandamiyanda anafera komweko. Ndiye munthu akalemba mosangalala kuti "nkhondo inapitirira chaka china," wawonjezeranso chaka kwa akaidi amenewo, kaya akufuna kaya sakufuna. Ku Germany lamulo limaletsa kuonetsa chizindikiro cha swastika, ndiye mabokosi ambiri sachiikamo. Chizindikiro ungachisiye m'bokosi, koma nthano yoona mtima singasiye zomwe boma la chizindikirocho linkachita.

Pamsika timadziwa kuti kasitomala akati "ndichotsereni," ndalama yochotsedwayo siuluka, wina wake ndiye waluza. Mbiri nayonso ili choncho. Ukasintha tsiku limodzi, pali wolipira. Ndipo olipirawo ena ndi athu. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anali ku Burma mu 1944, akulimbana ndi Japan m'chigwa cha Kabaw, m'mvula ndi malungo, chakudya akuchita kuwaponyera kuchokera m'ndege. Nkhondo ikanatalika, agogo a anthu ena m'gulu lino akanachedwa kubwerako, ena osabwerako n'komwe. Eti nthano ingadumphe zimenezo n'kumangotamanda liwiro la ndege?

Sindikuti kupeka mbiri n'kulakwa. Robert Harris, m'buku lake la Fatherland la mu 1992, anayerekeza kuti Germany inapambana. Nkhani imachitika mu 1964, ndipo wapolisi wofufuza imfa ya mkulu wina amatulukira zomwe boma linabisa za kuphedwa kwa Ayuda. Harris anapeka chipambano kuti ationetse mtengo wake. Womanga kandege angachitenso chimodzimodzi m'mizere isanu yokha: atiuze fakitale inali kuti, ankagwiramo ndani, anadya chiyani tsiku limenelo. Kandegeko kakhalabe kokongola, koma kayamba kulemera m'manja.

Spitfire ya mwana wanga inatha, phiko limodzi lopendekeka, guluu ali mbwee. Ikulendewera pa ulusi kudenga. Atandifunsa ngati inapambana nkhondo, ndinamuuza za Burma m'malo mwake.

Tsono kwa anzanga omwe mumalemba nkhani za "zikanakhala bwanji," kaya mukuti John Chilembwe anapambana mu 1915, kaya zina, musanatumize muno dzifunseni: m'dziko mwapekalo, ndani akulira? Ngati palibe, nkhaniyo sinapse. Inu mukuti bwanji?