Kuitana vuto lobisala

Wailesi yofa ndithu sivutitsa mmisiri. Yosautsa ndi ija imalira bwinobwino kwa theka la ola, n'kuzima yokha, kenaka n'kudzayakanso ngati palibe chachitika. Ku Bagamoyo, m'tauni ya Moatize, ma TV ndi maampulifaya a nthenda imeneyi sasowa pa matebulo a amisiri. Mu Okutobala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo fumbi la malasha limalowa paliponse pamene mpweya ungadutse.

Mmisiri amene ndimakonda kumuonerera amayamba ndi mafunso, bokosi lili chitsekere. "Kodi mayi, imazima ikangoyaka kapena ikalira kaye? Nanga mukakweza mawu? Kanyali kofiira kamatsala kakuyaka?" Kanyali kakamatsala, ndiye kuti magetsi akufika, koma mlonda wa m'kati, gawo lotetezera chipangizo kuti chisapse, ndiye akuzimitsa dala. Ikamazima pokweza mawu, iye amafunsa za masipika. Awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa pamalo amodzi amakhala ngati imodzi ya ma ohm 4, ndipo ampulifaya imakoka magetsi ochuluka mpaka kutentha.

Akatsegula, sathamangira kugwira. Kapasita yaikulu, kachitini kosunga magetsi, imatha kukhala ndi mavoti oposa 300 ngakhale pulagi atazula, choncho amayamba waikhuthula kudzera m'babu. Babu ikangoti phethi n'kuzima, m'pamene dzanja limalowa. Ndi burashi yofewa amasesa fumbi lakuda lomwe latseka mipata ya chitsulo cha aluminiyamu chotaya kutentha. Nthawi zina ntchito imathera pomwepo.

Zikapanda kuthera apo, luso lenileni limayamba: kulichititsa vuto kuti lionekere pa nthawi imene iye akufuna. Amayatsa chipangizo, n'kutenga kamtengo kouma, kosadutsa magetsi, ndi kuyamba kugogoda bolodi pang'onopang'ono, kuchokera kukona imodzi. Go, go, go. Khutu lili pa sipika, maso ali pa kanyali. Akafika pafupi ndi thiransifoma mawu amati pwa! Amabwerera m'mbuyo, kugogodanso mopepuka kuposa poyamba, malo okayikitsa n'kumachepa mpaka atatsala ngati chikhadabo.

Apa amazimitsa, kukhuthulanso kapasita ija, kutembenuza bolodi ndi kutenga galasi lokulitsa. Mwendo uliwonse wa kachipangizo umakhala m'kadontho ka mtovu wowotcherera. Kadontho kabwino kamanyezimira. Kodwala kamakhala kotuwa, ndipo kuzungulira mwendowo pamakhala kamng'alu kopyapyala kuposa tsitsi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, tsiku ndi tsiku kwa zaka, mpaka mtovu umatopa n'kung'ambika. Kukazizira mbali ziwirizo zimakhudzana ndipo nyimbo imalira, kukatentha zimatalikirana.

Kuwotchererako kumandisangalatsa kwambiri. Nsonga ya chowotcherera amaipukuta pa kansalu konyowa, n'kuigunditsa pa mwendo ndi pa mkuwa wa bolodi nthawi imodzi. Mtovu watsopano saupaka pa nsongayo, amaupereka mbali inayo kuti kutentha kwa mwendo kuusungunule wokha. Pa madigiri pafupifupi 190 umayenderera, n'kukwera mwendowo ngati kachulu. Masekondi awiri kapena atatu, dzanja lachoka. Akachedwa, kanjira ka mkuwa kamamatuka.

Pamene kugogoda sikunaulule kanthu, amatembenukira ku kutentha. Chowumitsira tsitsi amachilozetsa gawo limodzi mpaka chipangizo chizime, kenaka amadontheza sipiriti ndi thonje pa tizipangizo, kamodzikamodzi. Kamene kakazizira n'kudzutsa wailesi, ndiko kolakwa. Makapasita amawayang'ana mwapadera, chifukwa m'kati mwake muli madzimadzi amene amauma, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. Yotupa pamwamba imadziulula yokha, koma ina imaoneka yabwino chonsecho yauma. Akachotsa yolembedwa 85°C amaikapo ya 105°C, akuonetsetsa kuti mwendo wa kumzere woyera walowa kumalo kwake, popeza yoikidwa chozondoka imaphulika.

Mwini wailesiyo akabwera madzulo, mmisiri amawabweza. "Mawa, bambo. Iyambe yalira masana onse chivindikiro chili chotseka." Amawauzanso kuti kunyumba aichotse m'kabati, asaifunditse nsalu yokongoletsa, ndipo asiye mpata wa dzanja pakati pa iyo ndi khoma.