Bodza la Nkhondo m'Sukulu

Kanema alipo mitundu iwiri. Wina ndi wa nthano, momwe anthu amangosewera nkhani yopeka. Wina ndi wa zoona, momwe wojambula amatola zinthu monga ziri kucitikira. Kanema amene ali kuweruzidwa pano ndi wa mtundu waciwiriwu. Dzina lace ndi Mr Nobody Against Putin, ndiko kunena kuti munthu wamba wotsutsana ndi Putin, mtsogoleri wa dziko la Russia. Anaonetsedwa koyamba m'mwezi wa January 2025 pa cionetsero ca Sundance ku America, nalandira mphotho komweko. Anampanga ndi anthu awiri, David Borenstein wa ku America ndi Pavel Talankin wa ku Russia.

Nkhani yace

M'mapiri a Ural ku Russia muli tauni yaing'ono yochedwa Karabash. M'menemo muli ng'anjo yaikulu yosungunulira mkuwa, ndipo utsi wace waononga mitengo ndi madzi. Talankin anakulira m'tauniyo, nagwira nchito pa sukulu imene iye mwini anaphunzirapo. Nchito yace inali kukonza masewera ndi zikondwerero za ana, ndi kuzijambula ndi kamera. Amai ace anali osunga mabuku pa sukulu yomweyo.

Pa 24 February 2022 asilikari a Russia analowa m'dziko la Ukraine ndi nkhondo yaikulu. Posacedwa Boma linatumiza mau ku masukulu kuti ana aphunzitsidwe kuti nkhondoyo njolungama. Linalamulanso kuti maphunzirowo azijambulidwa, ndi kuti zithunzi zizitumizidwa ku Boma monga umboni. Nchito imeneyi inagwera Talankin. Kukana poyera kunali koopsa, pakuti lamulo la March 2022 linati wonena za asilikari zimene Boma liziyesa zonama angathe kumangidwa kufikira zaka 15.

Poyamba Talankin anafuna kusiya nchito. Pambuyo pace anasintha maganizo. Anapitiriza kujambula monga anamlamulira, koma anasunga zithunzizo kuti anthu a maiko ena adzaone. M'caka ca 2024 anathawa m'dziko lace atanyamula zithunzizo.

Mphamvu yace

Kanemayu saonetsa bwalo la nkhondo. Aonetsa cipinda cophunziriramo, ndipo m'menemo ndimo muli mphamvu yace. Mphunzitsi aimirira pamaso pa ana ndi pepala locokera ku Boma. Ali kuwerenga, koma lilime lace likukodwa pa mau aatali amene iye mwini sanawazolowere. Ana ali cete. Woonera azindikira msanga kuti bodza silifuna munthu wolikhulupirira. Lingofuna munthu womvera, woliwerenga mokweza.

Pang'onopang'ono zinthu zikula. Ana aguba ndi mbendera. Apikisana kuponya mabomba a m'manja. Asilikari aganyu a gulu la Wagner afika pa sukulu, napatsa ana zida kuti azigwire, pamodzi ndi mabomba okwirira pansi. Anyamata amene anatsiriza sukulu posacedwa ameta tsitsi, natsazika anzao, napita ku nkhondo. Akulu anati m'mera mpoyamba. Boma lofuna asilikari a mawa liudziwa mwambi umenewu monga momwe mlimi audziwira.

Pali mbali imodzi yoposa zonse. Mnyamata wina wafa ku nkhondo, ndipo Talankin apita ku maliro. Pamenepo sanajambule nkhope za anthu, koma anangotola mau okha. Woonera aona mdima, namva kulira kwa make wa malemuyo. Apa opanga kanema anacita mwanzeru ndi mwaulemu. Sanasandutse cisoni ca mai kukhala cionetsero, komanso sanacibise.

Kanemayu ndi anthu a ku cigwa ca Shire

Russia ndi kutali, koma munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa sadzasowa womasulira kulira kuja. Nkhondo ya pa ciweniweni ya ku Mozambique, imene inatha m'caka ca 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu okwana ngati miliyoni imodzi. Ambiri anakhala ku Nsanje, m'misasa monga wa Mankhokwe, ndipo panali nthawi imene othawa nkhondo m'bomalo anaposa eni dera. Amene anakhala nao pafupi adziwa cimene bomba lokwirira licita pa mwendo wa munthu. Wotere akaona mwana wa sukulu ali kulisisita ngati cidole, adzaona zambiri kuposa woonera wa ku America.

Munthu mmodzi wokana nkhondo si mlendo m'mbiri ya Malawi. M'mwezi wa November 1914, itapita nkhondo ya ku Karonga, John Chilembwe, mbusa amene anali ndi masukulu ace ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anadandaula kuti Aafrika osauka ali kufa m'nkhondo imene si yao, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la Atsamunda linaitsekereza kalatayo kuti anthu asaiwerenge. Pa 23 January 1915 Chilembwe anatenga zida, ndipo pa 3 February anaphedwa. Talankin anayenda njira ina, pakuti cida cace cinali kamera yokha. Koma onse awiri anayamba ndi kufunsa kuti ofawo ali kufera yani.

M'masiku a cipani cimodzi, kuyambira 1966 kufikira 1993, kunalibe nkhondo m'Malawi, koma ndale zinalowa m'sukulu. A Malawi Young Pioneers anali kugubitsa ana, ndipo ana a Mboni za Yehova, mpingo umene unaletsedwa m'caka ca 1967, anali kucotsedwa sukulu cifukwa cokana khadi la cipani. Amene akumbukira masiku amenewo adzazindikira kukhala cete kwa aphunzitsi a ku Karabash.

Zofooka zace

Kanemayu ali ndi zofooka zitatu. Coyamba, ataya nthawi yambiri pa Talankin mwini: nthabwala zace, kusungulumwa kwace, ndi zocita zace zina zacibwana, monga kuliza nyimbo ya fuko la America pa sukulu. Zimenezi zisekesa, koma siziphunzitsa mwana ali yense kuganiza.

Caciwiri, anthu a ku Ukraine, amene mabomba ali kuwagwera, samveka mau ao. Woonera ayenera kukumbukira yekha kuti kumenekonso kuli amai olira.

Cacitatu ndico cacikulu. Ana ndi aphunzitsi aoneka nkhope zao poyera, ndipo ambiri sanadziwe kuti zithunzizo zidzapita kunja. Wojambula anacoka, koma iwo anatsala m'manja mwa Boma lomwelo. Kodi nkoyenera kuika mwana pa ngozi cifukwa ca coonadi cimene iye sanapemphedwe kucicitira umboni? Kanemayu saliyankha mokwanira funso limeneli, ndipo woonera asafulumire kulitaya.

Ciweruzo

Dzina la kanemayu lilonjeza nkhondo ya munthu mmodzi ndi mfumu, koma mfumuyo sinagwe, ndipo Talankin atacoka maphunziro aja sanaleke. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Cimene munthu mmodzi anakhoza ndico kusunga umboni, kuti tsiku lina pasadzakhale wonena kuti zimenezi sizinacitike. Pa cifukwa cimeneci kanemayu ayenera kuonedwa, ngakhale ali ndi zofooka.

Kwa munthu amene waphunzira kuwerenga atakula, phunziro lace liri pa mphunzitsi uja wa pepala. Iye anadziwa kuwerenga, koma sanaloledwe kufunsa. Mau sakhala oona cifukwa cakuti asindikizidwa, kapena cifukwa cakuti acokera kwa akulu a Boma. Wowerenga wanzeru afunsa kuti analemba ndani, afuna ciani, ndipo adzalira ndani mauwo akatsatidwa. Ndipo kholo lodziwa kuwerenga liri ndi mwai umene linalibe kale: lingathe kutenga buku la mwana wace madzulo, ndi kuona lokha cimene mwanayo waphunzitsidwa tsiku limenelo.