Khoma Limanama

Chaka chikamatha, ophunzira luso lokongoletsa nsalu m'makoleji amapachika ntchito zawo pakhoma kuti aphunzitsi apereke malikesi, abale aombe m'manja. Nsaluzo zimakhala zositasita, zokokedwa bwino m'makona onse anayi, ndipo maso a aliyense amathamangira pa yaikulu kwambiri, ya mayi wosenza mtsuko kapena ya dzuwa likulowa panyanja. Ine ndimati khoma limanama. Limaonetsa kuti wophunzira amatha kujambula, koma silinena ngati wafika poidziwa nsalu.

Wa chaka choyamba amabwera ndi dzanja lozolowera pepala. Amajambula nsomba imodzi yokongola pakati, n'kuikometsera m'mbali, basi wamaliza. Koma chitenje chimachokera pa mpukutu, ndipo wogulitsa amadula pamene muyezo wathera, osati pamene wojambula anafuna. N'chifukwa chake luso loyamba ndi lobwereza chithunzi, kuti kachigawo kamodzi kazitsatana ndi kanzake mbali zonse popanda diso kugwira polumikizira. Mchira wa nsomba wotulukira kumanja kwa kachigawo uyenera kulowera kumanzere kwa kotsatira pa mlingo womwewo. Ukaphonya ndi theka la sentimita, papepala limodzi suona kanthu, koma pa mamita awiri pamatuluka mzere wosaitanidwa wodutsa nsalu yonse, ndipo amene wauona kamodzi saleka kuuona. Njira yakale ndi kudula pepala pakati, kusinthanitsa zidutswazo kuti m'mphepete mukumane, kenaka n'kujambula pampata wotsalawo. Ena amatsitsa mzere wachiwiri uliwonse ndi theka kuti nsomba zisaime ndandanda ngati asilikali pa perete. Wophunzira wofika apa wapita patsogolo zedi, ngakhale nsomba yake itakhala yosagwira mtima kuyerekeza ndi ya chaka chatha.

Pa batiki mpamene bodza la khoma limakula. Luso limeneli kwawo ndi ku Java m'dziko la Indonesia, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2009. Kumeneko phula lotchingira utoto amalithira ndi kachipangizo kokhala ndi kamlomo kakang'ono, mzere wake n'kutuluka wosalala, ndipo pa nsalu zapamwamba mng'alu wa phula unkatengedwa ngati chilema. Makampani a ku Ulaya, monga Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands yomwe inayamba mu 1846, atayesa kutsanzira batiki ndi makina, timizere ta ming'alu tinkaoneka pansalu. Ogula a ku Java sanakondwe nato, koma kuzambwe kwa Africa anatikonda, mpaka lero timaoneka pa zitenje zambiri za pamsika.

Vuto ndi loti ming'aluyi yasanduka pobisala. Phula la kandulo ndi lotsika mtengo koma louma, limasweka nsalu ikangopindika, utoto n'kulowerera. Phula la njuchi ndi lofewa, limasunga mzere. Wodziwa amasakaniza awiriwa molingana ndi zomwe akufuna, ndipo amathyola phula dala pamalo pomwe wasankha. Wosadziwa amangofinya nsalu yonse, ming'alu n'kukwirira mizere yake yokhotakhota, oonerera n'kumati koma ndiye luso. Mphunzitsi wakhama amatembenuza nsaluyo. Phula likakhala kuti linazizira msanga, limangokhala pamwamba osalowa mu ulusi, ndiye kuseri utoto umakhala utakwawira pansi pake, mzere woyera utasanduka wotuwa. Likatentha mopitirira limayenderera ngati madzi, duwa n'kufufuma. Kutsogolo zonsezi zitha kudutsa, kuseri sizibisika.

Za utoto ndi nkhani ya dongosolo basi. Bafuta watsopano amayamba wachapidwa kuti sitalichi ya kufakitale ichoke. Kunyika kumayambira ku mtundu wowala kupita ku wakuda, ndipo wophunzira ayenera kudziwiratu kuti wabuluu ukagwera pa wachikasu pamatuluka wobiriwira, afune asafune. Nsalu yosakaniza ndi poliyesitala simwa utoto wa thonje, imatuluka yotumbululuka. Ndipo utoto wopanda soda wokwanira umawala tsiku la chionetsero lokha. Ukachapa koyamba beseni lonse limafiira, ukayanika kangapo padzuwa la mu Okutobala nsalu yasuluka. Sindimvetsa chifukwa chake ntchito yotere ingalandire malikesi isanalowe m'madzi a sopo.

Phula likadula, njira ilipo. Amayi achiyoruba a ku Abeokuta ku Nigeria amatchinga utoto ndi phala la chinangwa pa nsalu yawo ya adire, ndipo chinangwa ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota sichisowa. Phala silingapirire kuviikidwa nthawi yaitali monga phula, choncho limaphunzitsa dzanja kufulumira komanso kujambula mizere yonenepa. Wophunzira amene wayesa zimenezi n'kulephera kawiri katatu waphunzira zambiri kuposa amene wakopera duwa pa intaneti.

Chimene khoma limabisa kwambiri ndi thupi. Chitenje akachimanga m'chiuno, utali wake umazungulira munthu, ndipo mphepete zake ziwiri zimakhala ina m'chiuno ina kumapazi. Amene anajambula nyumba ndi mitengo motsata utali wa nsalu amadzazipeza zitagona chammbali pa munthu woyenda. Mayi akabereka mwana, pakati pa nsalu pamakokeka pamsana pa mwanayo, nsonga zonse n'kuthera mu mfundo pachifuwa, ndiye zokongola zomwe unaika kumathero zapita. Okonza nsalu za mipingo ndi za zipani, kuyambira nthawi ya Mbumba za Kamuzu, akhala akulimbana ndi funso loti nkhope kapena chizindikiro chigwere pati munthu akavala, poti chikaphonya malo chimakakhalidwa pampando. Telala naye ali ndi mawu ake. Chithunzi chachikulu choloza mbali imodzi chimamudyera nsalu, chifukwa kuti maluwa akumane pa msoko wa kumsana amataya zidutswa zambiri, ndipo kasitomala ndiye amalipira.

Ndikanakhala wopereka malikesi, nsalu yaikulu ija ndikanaiona pomaliza. Ndikanayamba ndapempha kope la tizidutswa toyesera, kalikonse kolembedwa pambali kuti kananyikidwa mphindi zingati, soda anali wochuluka bwanji, phula linali lotani, ndipo kalikonse kodulidwa pawiri, theka lochapa ndi theka losachapa. Kenaka ndikanaitana mnzake wa m'kalasi kuti amange nsaluyo m'chiuno, ayende kukafika pakhomo, atembenuke, akhale pampando.