Buku la Educated: mwana ndi wa makolo okha?

Sabata ino ndabwera ndi buku la Tara Westover, Educated, lomwe linatuluka mu 2018. Ndalimaliza dzana, koma mpaka pano likundisowetsa mtendere.

Tara anabadwa mu 1986 ku Idaho, m'dziko la America, m'tsinde mwa phiri la Buck's Peak. Bambo ake sankakhulupirira boma, sukulu kapena chipatala. Ankati ana aziphunzira pakhomo, koma malinga ndi mmene Tara akufotokozera, kuphunzirako kunali kwa dzina chabe. Tsiku lake linkathera pa bizinesi ya bambo ake ya zitsulo zakutha, kapena kuthandiza mayi ake, omwe anali azamba komanso okonza mankhwala azitsamba. Anakalowa m'kalasi koyamba ali ndi zaka 17, ku Brigham Young University, atadziwerengera yekha mayeso olowera. Kumeneko anaimika mkono n'kufunsa tanthauzo la mawu oti Holocaust. Anzake anangoti kukamwa yasa, kuganiza kuti akuchita chipongwe. Chonsecho mtsikanayo sankadziwadi. Mu 2014 anatenga PhD ku Cambridge.

Mphamvu ya bukuli ndi yoti Tara sakulemba ngati wodziwa zonse. Pena amavomera kuti abale ake amakumbukira nkhani ina mosiyana ndi iye. Zimenezi zimachititsa kuti timukhulupirire, ngakhale makolo ake amatsutsa zambiri, ndipo mayi ake analembanso buku lawo.

Vuto langa lili apa. Nkhaniyi ndi ya amene anapulumuka. Tara ndi waluntha kwambiri moti wowerenga angatseke buku n'kunena kuti, "Mwaona? Sukulu siyofunika kwenikweni, mwana wanzeru amatulukira basi." Ayi ndithu. M'banjamo muli ana 7. Atatu ali ndi PhD, koma Tara yemwe akunena kuti anayi otsalawo alibe ngakhale satifiketi ya sekondale. Bukuli limawatchula n'kupitirira, maso onse ali pa wopambanayo. Timachitanso chimodzimodzi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe: timaombera m'manja makina ake a mphepo, n'kuiwala anzake omwe anasiya sukulu chifukwa cha fizi ndipo palibe anawalembera buku.

Ndiye kodi mabanja ophunzitsa ana pakhomo azitsatira mlingo wa boma? Ku Idaho kholo silikakamizidwa kulembetsa mwana kapena kumulembetsa mayeso. Ku Germany kuphunzitsira pakhomo n'koletsedwa. Ku France, kuchokera mu 2022, uyenera kupempha chilolezo kaye. Ine ndili pakati. Kholo lisankhe njira yophunzitsira, nthawi, ngakhale mabuku. Silabasi ya boma si Baibulo, ndipo tonse tikudziwa ana omaliza Sitandade 8 osatha kulemba kalata. Koma pakhale mzere wosatsika: mwana adziwike kuti alipo, ndipo munthu wakunja kwa banja azidzaona ngati akuwerenga, kulemba ndi kuwerengetsa. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana wa zaka 7 sangapite yekha kukadandaula kuti sakuphunzira, chifukwa sadziwa n'komwe chomwe akumanidwa.

Amene mwaliwerenga, tandiuzani: Tara akanapanda kukhala waluntha chonchija, akanamupeza ndani kuphiri kuja?