Malo a Mayi mu Ubongo wa Mwana

M'chaka cha 2007 akatswiri a pa Yunivesite ya Peking ku China, Ying Zhu ndi Shihui Han pamodzi ndi anzawo, adafalitsa kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri mpaka lero. Iwo adagoneka achinyamata a ku China ndi Azungu olankhula Chingerezi m'makina ounika ubongo, nawaonetsa mawu ofotokoza khalidwe la munthu. Aliyense adafunsidwa ngati mawuwo akunena za iye mwini, za mayi ake, kapena za mtsogoleri wina wotchuka.

Kuseri kwa mphumi, chapakati, kuli mbali ya ubongo imene imagwira ntchito kwambiri munthu akamaganiza za iye mwini. Mwa Azungu mbaliyi inkatakataka pokhapokha munthu akadziganizira yekha. Mwa Atchaina inkatakatakanso akaganiza za amayi awo.

Ntchitoyi njoyamikika, pakuti yaonetsa kuti maleredwe amafika mpaka m'thupi. Komabe tisailemekeze mopitirira muyeso. Anthu amene adawaunika anali ochepa, ophunzira okhaokha, ndipo sangayankhulire mitundu yathunthu. Chinanso, ambiri oiwerenga amagawa dziko pawiri, Kum'mawa ndi Kumadzulo, ngati kuti ife a mu Afirika kulibe. Chikhalirecho makolo athu adanena kale kuti kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu, ndipo kwathu kuno mng'ono wa mayi ako ndi mayi akonso.

Chofooka chachikulu nchakuti makina amangoonetsa chimene chilipo, saweruza ngati nchabwino. Umodzi womwewo umene umalera mwana wamasiye umathanso kutseka pakamwa mtsikana amene akumukakamiza kukwatiwa, kapena mnyamata amene waona mbale wake akuba. Eklezia amaphunzitsa kuti ndife ziwalo za thupi limodzi, komanso kuti aliyense ali ndi chikumbumtima chimene adzayankha nacho yekha pamaso pa Mulungu. Pa ubatizo mwana amanyamulidwa ndi ena, koma wansembe amamutchula dzina lakelake.

Tsono inu makolo, ngati mawu anu a tsiku ndi tsiku amaumba mwana motere, muphunzitseni kunena kuti "ife" pogawana nsima, ndiponso kunena kuti "ine ndakana" pamene abale agwirizana kuchita choipa.