Luso la Bon Odori lili kumapazi

Zimandipweteka mtima ndikamva anthu akuyamikira magule a Obon a ku Japan, otchedwa Bon Odori, pongowerenga kuchuluka kwa oonerera. Ukangotchula Bon Odori, aliyense amathamangira ku Tokushima, kumene gule wa Awa Odori amakoka anthu oposa miliyoni imodzi kuyambira pa 12 mpaka pa 15 Ogasiti. Kumeneko magulu okonzekera bwino amadutsa mumsewu mwandawala, alendo ambiri atakhala pamipando yolipira. Kukongola kwake palibe angakane, koma gule wolandira mizimu ya makolo sayesedwa ndi m'manja mwa alendo.

Obon ndi nyengo imene mabanja amakhulupirira kuti abale awo omwalira abwera kudzacheza kumudzi. Gule wake anachokera ku mapemphero ovina achibuda, amene wansembe Ippen anawafalitsa m'zaka za m'ma 1200. Anthuwo sankavinira kuti wina awaone, ankapemphera ndi thupi lonse. Nchifukwa chake kwa ine mmisiri weniweni wa Bon Odori ndi uja wopeka kavinidwe koti gogo, mwana ndi mlendo wongofika kumene akagwire asanazungulire bwalo kawiri, komanso kosatopetsa mpaka mbandakucha. Imeneyo ndiye ntchito yovuta, kuposa kujowa mwaukatswiri!

Wofuna umboni apite ku Gujo Hachiman, m'chigawo cha Gifu. Kumeneko amavina mausiku pafupifupi 30, kuyambira mu Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo kuyambira pa 13 mpaka pa 16 Ogasiti kumawachera ali pagule. Nyimbo zake ndi khumi zokha. Oimba amakhala pakansanja kosunthika pakati pa msewu, ali ndi ng'oma, chitoliro ndi shamisen ya zingwe zitatu. Koma chida chachikulu chili kumapazi a ovina: geta, nsapato zathabwa za mano awiri kunsi. Amazikhwekhweretsa ndi kuzimenyetsa pansi, ndipo mapazi mazanamazana akagunda nthawi imodzi, kaphokosoko kamalowa m'nyimbo. Apa wovina aliyense ndi woimbanso. Amene waphonya amadzimva yekha ndi khutu lake, n'kudzikonza popanda womudzudzula. Ndani anaonapo mphunzitsi wofatsa chotere?

Taonaninso kasanjidwe ka nyimbozo. Pa nyimbo ya Kawasaki thupi limayenda modekha, manja akukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Ikalowa Harukoma, aliyense amadumphadumpha ngati hatchi, manja ali ngati agwira zingwe zoiwongolera. Kusinthana kumeneku, yodekha ndi yothamanga, ndi kumene kumapatsa ovina mpata wopuma osachoka pabwalo. Si mwangozi ayi, ndi nzeru za anthu odziwa kuti usiku ndi wautali ndipo palibe ayenera kutsalira.

Ku Nishimonai, m'chigawo cha Akita, amafika pamfundo yomweyi podzera njira ina. Ovina ena amaphimba nkhope yonse ndi nsalu yakuda, maso okha akusuzumira, ena ndi zipewa zaudzu zopindikira kutsogolo. Nkhope ikabisika, kudzionetsa kwatha. Wovina amafanana ndi akufa amene akuwalandirawo, ndipo chotsala ndi kupendeka kwa dzanja ndi kuponda kwa phazi.

Za okonza zikondwerero amene amangolizitsa nyimbo zamakono pasipika, woimba ng'oma n'kukhala chokongoletsera, sindichedwapo: khamu amakoka, koma khutu la ovina amaligonetsa.

Mu 2022 UNESCO inaika magule a Gujo ndi Nishimonai pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, pamodzi ndi magule ena otchedwa Furyu-odori. Ulemu umenewu ndi woyenera, koma ubwere ndi muyeso wolondola. Woweruza Bon Odori asiye kuwerenga makamera ndi matikiti. Aime m'mbali, aone kuti mwa anthu amene anabwera kudzaonerera, ndi angati alephera kupirira n'kulowa m'bwalo nyimbo isanathe.