Miyendo inayi ya aluminiyamu

Ndege yoyendetsa ndi rimoti ikakula mpaka mapiko kupitirira mamita 2, siikhalanso chidole. Kumphuno kwake kumakhala injini ya petulo ya 50cc kapena kuposerapo, msinkhu wa ija ya makina ochekera mitengo, ndipo ikakwiya imazungulira ka 7,000 pa mphindi imodzi. Thupi la ndegeyo ndi la pulayiwudi ndi timatabwa topepuka ta balsa. Chomwe chimagwirizanitsa injini yaukaliyi ndi thupi lofookali ndi timiyendo tinayi ta aluminiyamu, kalikonse kosaposa chala kutalika, tomangidwa ndi mabawuti. Kamodzi kokha kakathyoka m'mwamba, ndege yonse imakatoledwa m'munda wa chimanga.

Anthu a ku Lilongwe tindege topanda woyendetsa adatizolowera. Mu Marichi 2016 UNICEF idayesa ngati drone ingathe kunyamula magazi a makanda kuchokera ku chipatala cha Area 25 kupita ku Kamuzu Central Hospital. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserapo ma drone ku Kasungu, ndipo chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi Virginia Tech, adapanga kandege kotchedwa EcoSoar komwe kadauluka makilomita 19. Mu Januwale 2020 African Drone and Data Academy idatsegulidwa mumzinda uno. Koma tindege tambiri totere timayendera batire, ndipo kapulasitiki kosindikiza pa makina kamakwanira kugwira mota yake. Injini ya petulo ndi nkhani ina. Imatentha, imagwedeza, imalavula mafuta. Munthu wa ku Area 10 kapena Area 43 amene ali nayo akafuna miyendo yoyenerana ndi ndege yake, maofesi a ku City Centre sangamuthandize. Ayitanitse ku Johannesburg n'kudikira, apo ayi ayike injiniyo m'buti, atsetsereke ku Old Town, awoloke mlatho wa Lilongwe n'kukafunsa komwe kuli mmisiri wa makina a lathe, osengera zitsulo.

Luso loyamba la mmisiri weniweni ndi kukana. Mumzinda muno muli akatswiri oumba mapoto a aluminiyamu: amasungunula mapisitoni akutha ndi zidutswa za injini pa moto wa makala wopitirira madigiri 660, n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Ndi ntchito yosiririka, ndipo mapoto awo amaphika nsima ya pamaliro zaka ndi zaka. Komatu chitsulo chothira chotere chimatsala ndi timabowo ta mpweya m'kati, tosaoneka ndi maso. Pa mpoto si kanthu. Pa mwendo wogwedezeka koposa ka 100 pa sekondi, kabowo kalikonse ndi poyambira mng'alu. Ndiye mmisiri wa lathe akauzidwa kuti angothiritsa kuti zitchipe, amapukusa mutu n'kunena kuti bwana, zimenezo ayi, tipeze ndodo yeniyeni.

Ndodo yeniyeniyo ndi ya mtundu wa 6061, aluminiyamu yosakaniza ndi magnesium ndi silicon pang'ono, yolimbitsidwa ndi moto ku fakitale. Imachokera kunja. Mwala wa bauxite ulipo paphiri la Mulanje koma sudakumbidwe, ndipo fakitale yosungunula ya Mozal, yomwe idayamba ntchito mu 2000, ili kufupi ndi Maputo. Aluminiyamu imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, ndipo pano zimenezi n'zofunika kwambiri: Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopepukirako, mapiko ndi injini zonse zimachepa mphamvu pang'ono.

Tsono pomwe ndimagoma napo ndi poyeza. Munthu wosadziwa angaganize kuti miyendo inayi iyenera kufanana. Ayi ndithu. Pulopela ikamazungulira imakokera ndege kumanzere, choncho injini amaipendeketsa dala kumanja ndi madigiri awiri kapena atatu, nthawi zina n'kuiweramitsanso pang'ono. Ngati mabawuti atalikirana mamilimita 70, madigiri awiriwo akutanthauza kuti miyendo ya kumanzere iposa ya kumanja ndi mamilimita 2.4. Sizithera pomwepo. Injini ikapendekeka, nsonga ya shafti imachoka pakati, ndiye mabowo a pathabwa lomangirapo miyendoyo ayenera kusunthidwa kumanzere kuti pulopela itulukire pakati penipeni pa mphuno. Mmisiri amayeza ndi kalipa, amalemba manambala pa katoni ya sopo, amayezanso, kenako amafunsa funso lomwe mwini ndege sadaliganizire: kodi kabyuleta ikhala kumbuyo, ndipo ipuma bwanji ngati miyendo yafupika? Zonsezi makina asadayatsidwe.

Akayatsa, aluminiyamu imaonetsa khalidwe lake. Ndi yofewa, imasengeka msanga, koma ndi yomata. Ikatentha imakakamira pa nsonga ya mpeni wa makina, ndipo pamalo posalala pamayamba kutuluka zikanda. Mankhwala ake ndi akale: parafini m'kabotolo koboola pachitsekero, kudonthezera pang'onopang'ono. Mpeni ukakhala wakuthwa bwino, zosengeka zimatuluka ngati riboni yonyezimira yopotana, ndipo mmisiri amamva ndi khutu kuti zikuyenda. Phokoso likasintha, dzanja labwerera kale. Akatsala pang'ono kufika pa muyeso amaima, amasiya chitsulo chizizire, chifukwa aluminiyamu yotentha imafufuma ndipo kalipa inganame. Mamilimita omaliza amawachotsa mopatsa ulemu, kachigawo kamodzi mwa khumi ka milimita nthawi imodzi.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamasiyanitsa mmisiri ndi wongophunzira. Mwendo umakhala wonenepa kumapeto, wowonda pakati kuti upepuke. Pomwe ponenepa pakumana ndi powonda, wongophunzira amasiya ngodya yakuthwa chifukwa imaoneka yaudongo. Mmisiri amazungulitsa pamenepo, kakhonde kosalala kosaposa njere ya mpunga. Aluminiyamu imatopa ikamagwedezeka, ndipo kutopako kumasonkhana pa ngodya yakuthwa. Mwini ndege mwina sadzakaona n'komwe kakhondeko, ndipo palibe amene amalipira padera.

Mazinga a m'kati amadula ndi manja, osati ndi makina: kupotoza theka, kubwerera pang'ono kuti zinyalala zithyoke, kudontheza parafini, kupotozanso. Amawalowetsa mozama, kawiri kunenepa kwa bawuti, popeza mazinga a aluminiyamu sachedwa kuphwasuka munthu akamanga ndi mkwiyo. Kumapeto kwa mwendo uliwonse amasenga mopendekeka madigiri omwe aja kuti ukhale pansi ndi nkhope yonse, osati ndi m'mphepete mokha. Kumbuyo kwa thabwa amalangiza mawasha aakulu, kuti bawuti isalowe m'pulayiwudi.

Popereka katundu salonjeza zambiri. Amangouza bwanayo kuti mabawuti awapake guluu wa mazinga, ndipo ndege ikatera koyamba ayang'ane pomwe mwendo wakhudzana ndi injini. Akaona kafumbi kakuda kosakanikirana ndi mafuta, ndiye kuti aluminiyamu ikudzipera yokha, penapake pamasuka, asaulutsenso mpaka atabwera nayo.